Kukwatitsa tirigu ndi maudzu akutchire: zimatheka bwanji, nanga kuno tingayambire pati?

Mphukira_Chilomoni

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Buledi, masikono ndi mandasi zomwe timadya mu Blantyre muno pafupifupi zonse ndi za tirigu wochokera kunja, wathu wa ku Tsangano ndi ku Neno ndi wochepa kwambiri. Akatswiri opanga mbewu amati mitundu ya tirigu padziko lonse ndi yapachibale kwambiri, moti nthenda imodzi ikhoza kugwetsa minda ya mayiko ambiri, n'chifukwa chake akukatapa mphamvu ku maudzu akutchire. Kodi udzu ndi tirigu zimakwatirana bwanji mpaka kubereka njere? Kodi zimenezi n'zofanana ndi chimanga cha haibulidi chogula chaka ndi chaka, kapena ndi GMO? Nanga malo athu ofufuzira angathe kuzichita?

NaPhiri_wa_ku_Labu

Achimwene, GMO ayi. Pano palibe cholowetsa ndi makina, ndi mungu ndi duwa basi, kungoti munthu amathandizira pomwe chilengedwe chikukanika.

Tirigu wa buledi, Triticum aestivum, mwini wakeyo ndi mwana wa maudzu atatu. Ali ndi ma chromosome 42, timitsitsi ta m'maselo tonyamula chibadwa, m'magulu atatu otchedwa A, B ndi D, gulu lililonse 14. Gulu A linachokera ku Triticum urartu, B ku udzu wapafupi ndi Aegilops speltoides. Awiriwa atakumana kunabadwa tirigu wa ma chromosome 28, kholo la durum wopangira spaghetti. Kenako, zaka 8,000 mpaka 10,000 zapitazo, cha kumwera kwa nyanja ya Caspian, tirigu wa 28 uja ali m'munda anakwatirana ndi udzu wa m'mphepete mwa minda, Aegilops tauschii, womwe unabweretsa D. Vuto lagona pamenepa. Ukwati womalizawu unachitika kangapo kokha, ndi mapesi ochepa a udzuwo, ndiye mwa chuma chonse cha Aegilops tauschii, yemwe amamera kuyambira ku Turkey mpaka ku China, tirigu anangotengako kachigawo kakang'ono.

Njira yowongoka kwambiri ndi kubwereza ukwati umenewo ndi manja, pogwiritsa ntchito mitundu ina ya udzuwo. Chotulukacho amachitcha synthetic wheat. McFadden ndi Sears ku America, komanso Kihara ku Japan, anaonetsa zimenezi cha m'ma 1944. Bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT ku Mexico linazitenga mwamphamvu kuyambira m'zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi Mujeeb-Kazi, ndipo linapanga mitundu yoposa 1,000. Tirigu wa Chuanmai 42, yemwe anatulutsidwa ku Sichuan, ku China, mu 2003, ndi mdzukulu wa ntchito imeneyi.

Kachitidwe kake nkotere. Durum ndiye mayi, udzu ndiye bambo. Choyamba kuvuta ndi kuti ziwirizi zichite maluwa tsiku limodzi. Mitundu yambiri ya Aegilops tauschii siitulutsa ngala isanamve chisanu, ndiye mbande zimaikidwa mozizira pa madigiri 4 kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo zikatuluka zimafuna usana wautali, wa maola 16. Kuno usana sufika pamenepo, pamafunika mababu owonjezera. Durum mumafesa mobwereza, masiku 7 kapena 10 aliwonse, kuti udzu ukapsa pakhale ngala ina yokonzeka.

Ngala ya durum mumaigwira itangotuluka m'chikuta chake, timatumba ta mungu tikadali tobiriwira. Tikayamba chikasu mwachedwa, yadzipatsa kale mungu wake. Chotsani timagulu ta maluwa ta kunsonga ndi ta kutsinde, pa kagulu kalikonse kotsala musiye maluwa awiri am'mbali, mudule mankhusu pamwamba ndi kasizasi, ndipo ndi kopanira kosongoka muzule timatumba titatu ta mungu m'duwa lililonse. Muziwerenga, titatu. Kamodzi kakatsalira, njere yomwe mudzakondwere nayo idzakhala durum wamba. Vekani ngalayo kathumba ka pepala, mulembe tsiku. Pakapita masiku 2 mpaka 4 mbali yaikazi ya duwa imatambasuka ngati nthenga, ndiye m'mawa mumakung'unthirapo mungu watsopano wa udzu. Mungu wa tirigu ndi abale ake sukhalitsa, mphindi zochepa wafa.

Njere imayamba kukula, koma chakudya chake cha m'kati sichipangika bwino, kamluza kamafa ndi njala mukaisiya pa ngala. Choncho pakati pa masiku 14 ndi 18 mumathyola njerezo, kuzitsuka mu spirit wa 70% kwa mphindi imodzi, kenako mu jiki wosungunula kwa mphindi 10 mpaka 15, n'kutsukuluza katatu ndi madzi ophedwa tizilombo. Pansi pa maikulosikopu mumang'amba njere, kutulutsa kamluza kotalika milimita imodzi kapena ziwiri, n'kukagoneka pa chakudya cha m'botolo chotchedwa MS, chokhala ndi shuga ndi agar woundanitsa chakudyacho. Kamakhala mumdima mpaka kataphuka, kenako kukuwala. Ambiri amataya ntchito pamenepa chifukwa cha nkhungu yolowa m'botolo, kapena kuthyola msanga kamluza kasanaumbike.

Chomera chotulukacho chili ndi ma chromosome 21, A mmodzi, B mmodzi, D mmodzi pa malo aliwonse, opanda anzawo oyenda nawo awiriawiri, ndiye n'chosabereka. Chikafika mphukira zitatu kapena zinayi mumachizula, kutsuka mizu, kuidula pang'ono, n'kumiza tsinde lake mu colchicine wa 0.05% mpaka 0.1% wosakaniza ndi DMSO wa 2%, womuthandiza kulowa m'chomera, kwa maola 5 kapena 6, mukupopera mpweya m'madzimo. Mukatero tsukani ndi madzi oyenda kwa maola angapo n'kubzalanso pamthunzi. Colchicine ndi poizoni woopsa kwa munthu, magolovesi ndi magalasi n'zosakambirana. Mankhwalawa amachulukitsa ma chromosome kawiri, 21 kukhala 42. Akachepa palibe chosintha, akachuluka chomera chimafa. Si chomera chonse chimasintha, ndi mphukira zina zokha, ndiye njere zimakhala zowerengeka. Durum wina, monga Langdon, amadzichulukitsira yekha nthawi zina popanda mankhwala. Musakhulupirire maso, dulani nsonga za mizu ya njerezo muwerenge ngati alidi 42.

Wa_Chigayo_Limbe

Mayi NaPhiri afotokoza bwino za kubadwa kwake, koma wina asaganize kuti synthetic akabadwa ndiye kuti mlimi wapeza mbewu. Ndi wamtali, amagwa ndi mphepo, amachedwa kucha, ndipo mankhusu ake amakakamira njere chifukwa cha gene, kachidutswa ka chibadwa, yotchedwa Tg ya pa chromosome 2D, yachiwiri ya gulu D. Mupunthe mpaka manja atupe, njere zambiri zimatuluka zitavalabe. Amayenera kukwatitsidwa ndi tirigu wabwino wamakono, ana ake n'kubwezeredwanso kwa tirigu yemweyo. Ukwati woyamba magazi a wamakono ndi 50%, kubwereza koyamba 75%, kachiwiri 87.5%, kachitatu 93.75%. Pa synthetic ambiri amalekera pa kubwereza kamodzi kapena kawiri, n'kudzala ana ambiri oti asankhepo, chifukwa ukabwereza kwambiri umatsukanso zabwino zomwe unapitira kutchire.

Chomwe ndikufuna mugwiritse ndi ichi: gene yabwino siibwera yokha. Zili ngati ukwati wa kwathu kuno, ukakwatira munthu wakwatiranso abale ake. Chidutswa cha chromosome ya udzu chimalowa ndi ma gene mazanamazana, ndipo ena amaonekera m'chigayo ndi mu uvuni, osati m'munda.

Chitsanzo chachikulu ndi rye, mbewu yachibale cha tirigu. Ku Germany anatenga mkono waufupi wa chromosome 1R ya rye wotchedwa Petkus n'kuulowetsa m'malo mwa mkono waufupi wa 1B. Chidutswachi, 1BL.1RS, chinadutsa mu tirigu wa ku Russia wotchedwa Kavkaz n'kufika ku CIMMYT, komwe chinabereka mitundu ya Veery yomwe inafala m'mayiko ambiri otentha. Chinabwera ndi mphatso zinayi: Sr31 yoteteza ku dzimbiri la phesi, Lr26 ku dzimbiri la masamba, Yr9 ku dzimbiri lachikasu, ndi Pm8 ku nkhungu yoyera, kuphatikizapo mizu yamphamvu. Koma chinachotsa mbali ina ya mapuloteni a gluten, otanutsa mtanda, omwe anali pa 1B, n'kuikapo a rye otchedwa secalin. Zotsatira zake, mtanda umamata m'manja ndi m'makina, supirira kukandidwa nthawi yaitali, buledi safufuma mokwanira. Wa mandasi sangadandaule kwenikweni, koma bekale yopanga malofu zikwizikwi usiku umodzi imaukana ufa wotere. Lr19 yochokera ku Thinopyrum ponticum nayo inabwera ndi gene yopangitsa ufa kukhala wachikasu, ndipo zinatenga zaka kuti ailekanitse.

Kenako Sr31 yomweyo inagwa. Mu 1998 ku Uganda kunaoneka dzimbiri la phesi pa tirigu wokhala ndi Sr31, ndipo mu 1999 linapatsidwa dzina loti Ug99. Linafika ku Kenya, Ethiopia, Yemen, ndipo mu 2007 ku Iran. Ku Kenya komweko ana a Ug99 anagonjetsanso Sr24, yochokera ku Thinopyrum ponticum, mu 2006, ndi Sr36, yochokera ku Triticum timopheevii, mu 2007. Zitatu zonsezi ndi za abale a tirigu. Kuchokera kutchire sikutanthauza kuti gene siingagonje. Ikakhala yokha pa mahekitala mamiliyoni, nthenda imapeza khomo. Yomwe yakhalitsa ndi Sr2, yomwe McFadden anaitenga ku tirigu wamakedzana wa ma chromosome 28, emmer wa Yaroslav, m'zaka za m'ma 1920 n'kupanga tirigu wotchedwa Hope. Iyo siitsekeratu nthenda, imangoichedwetsa pa chomera chachikulu, ndipo imadetsa mankhusu ndi mfundo za phesi moti wosadziwa amayesa matenda. Opanga mbewu anzeru amaunjika ma gene atatu kapena anayi otere pamodzi, Sr2 ikhale maziko.

Mphukira_Chilomoni

Zikomo akuluakulu. Ndiye ngati chidutswa chikubwera ndi zoipa, bwanji osangochidula kutsale pabwino pokha? Komanso la haibulidi lija silinayankhidwe.

NaPhiri_wa_ku_Labu

Kudula kwake ndiye ntchito yeniyeniyo, achimwene, ndipo zimatengera kuti wachibaleyo ndi wapafupi motani. D wa Aegilops tauschii, kapena A ndi B wa emmer wakutchire, amagwirana bwinobwino ndi ma chromosome a tirigu n'kusinthana zidutswa mwachibadwa. Umu ndi momwe Yr15, Yr36 ndi Gpc-B1, yowonjezera puloteni, zinc ndi iron m'njere, zinalowera kuchokera ku emmer wakutchireyo, Triticum dicoccoides. Koma rye, Thinopyrum, Leymus ndi ma Aegilops akutali sagwirana ndi tirigu, chifukwa pa chromosome 5B pali mlonda wotchedwa Ph1, yemwe Okamoto, komanso Riley ndi Chapman, anamutulukira mu 1957 ndi 1958. Ph1 amalola chromosome kugwirana ndi mnzake weniweni yekha. Popanda iye 1A, 1B ndi 1D zikanamasokonezana, tirigu osabereka bwino. Koma yemweyo ndiye amakaniza chromosome ya udzu kusinthana ndi ya tirigu.

Njira zilipo zingapo. Sears mu 1956 anathyola ma chromosome ndi X-ray kuti alowetse Lr9 kuchokera ku Aegilops umbellulata, koma kuthyola kotere n'kongolota, chidutswa chimakamatika paliponse, ngakhale pomwe chachotsa ma gene ofunika. Mu 1977 Sears yemweyo anatulutsa tirigu wa Chinese Spring wopanda Ph1, wotchedwa ph1b. Mumakwatitsa chomera chonyamula chromosome ya udzu ndi ph1b kawiri, kuti mupeze chomera chopanda Ph1 mbali zonse koma chili ndi chromosome ya udzuyo. M'chomera chimenecho ndi momwe kusinthana kumachitika, mwa apo ndi apo, ndiye ana oyeza amafunika mazana ambiri. Mumawasefa ndi zizindikiro za DNA monga KASP, n'kutsimikiza ndi GISH, njira yopaka utoto wowala pa DNA ya udzu kuti chidutswacho chioneke kukula kwake pa maikulosikopu. Mukapeza kachidutswa kakang'ono, bwezeretsani Ph1 msanga pokwatitsa ndi tirigu wamba. Mukachedwa ma chromosome a tirigu amapitiriza kusokonezana, mbewu imachepa mphamvu m'badwo uliwonse. Aegilops speltoides ndi Amblyopyrum muticum ali ndi ma gene awoawo ogonetsa Ph1, ndipo gulu la ku yunivesite ya Nottingham lagwiritsa ntchito zimenezi kupanga mizere yambiri, ndiye kuti mitundu yoyesera ya tirigu.

Chinese Spring amatchulidwa kawirikawiri chifukwa amalandira mungu wachilendo mosavuta. Tirigu wambiri wamakono ali ndi Kr1 ndi Kr2 zomwe zimaimitsa mungu wa rye usanafike pa dzira.

Che_Mlangizi_Lunzu

La haibulidi ndiliyankhe ine, mwana wanga, chifukwa alimi amasokoneza zinthu ziwirizi. Mbewu yochokera ku ukwati wa tirigu ndi udzu, ikayeretsedwa kwa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, imakhazikika. Tirigu amadzipatsa yekha mungu duwa lisanatseguke bwino, ndiye mlimi akhoza kusunga mbewu yake n'kudzalanso, bola asaisakanize popuntha. Haibulidi ya F1, ana oyamba a ukwati wa mitundu iwiri, ngati ya chimanga, yogula chaka chilichonse, iliponso pa tirigu, koma ndi yovuta. Chimanga ngayaye ili payokha pamwamba, mumangoithyola. Tirigu mwamuna ndi mkazi ali m'duwa limodzi laling'ono. Kuti apange mbewu yochuluka amagwiritsa ntchito mayi wosabereka mungu, kuchokera ku cytoplasm, mbali ya selo yotengera kwa mayi, ya Triticum timopheevii yomwe Wilson ndi Ross anaifotokoza mu 1962, ndi bambo wonyamula ma gene obwezeretsa mungu monga Rf1 ndi Rf3, kapena amapopera mankhwala opha mungu monga amachitira ku Ulaya. Mungu wa tirigu ndi wolemera, suuluka patali, ndiye mizere ya mayi imabereka pang'ono, mbewu n'kudula. Phindu lake pa zokolola nthawi zambiri silipitirira 10%. Tsono werengani: hekitala ya chimanga imadya mbewu makilogalamu 25, ya tirigu pafupifupi 100. Kwa mlimi wa ku Tsangano masamu ake sakutuluka. Ine F1 ndingaiike pambali.

Triticale ndi nkhani ina. Ndi mwana wa tirigu ndi rye wathunthu, A, B ndi R. Wilson ku Scotland anapeza wosabereka mu 1875, Rimpau ku Germany anapeza wobereka mu 1888, ndipo CIMMYT inamuwongola ndi mzere wa Armadillo cha m'ma 1968. Amapirira dothi la asidi ndi lowonda kuposa tirigu, dothi lomwe lili m'mapiri athu ambiri. Ufa wake pawokha supanga buledi wofufuma, koma ndi chakudya chabwino cha ziweto, ndipo umatha kusakanizidwa ndi wa tirigu.

Tsono pa funso loti tingathe kuno. Kuthena ngala ndi kukwatitsa, inde, pa Bvumbwe, pa Chitedze kapena pa Bunda munthu wophunzitsidwa akhoza. Koma kuyamba ndi udzu weniweni, pomwe kuchokera pa ukwati woyamba kufika pa mbewu ya mlimi pamadutsa zaka 10 mpaka 15, ine sindingalangize. Magetsi akathima masiku awiri mbande za mufiriji ndi mabotolo a timiluza zapita. Ena anachita kale gawo lodulalo. CIMMYT imatumiza mizere yoyesera kwa ofufuza a mayiko kwaulere, ndipo yambiri ili kale ndi magazi a synthetic. ICARDA yofufuza za ulimi wa madera ouma, yomwe nkhokwe yake ya ku Aleppo inasamukira ku Lebanon ndi ku Morocco nkhondo itavuta, imasunga abale akutchire ochuluka. Ku John Innes Centre, malo ofufuzira a ku England, kuli mitundu yamakolo 827 yomwe Watkins anasonkhanitsa ku mayiko 32 m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, ndipo iyi imakwatirana ndi tirigu wamakono popanda botolo kapena colchicine. Zonsezi zimayenda ndi pangano logawirana mbewu zofufuzira la SMTA, komanso chilolezo cholowetsera mbewu ndi chikalata cha umoyo wa zomera. Mbewu ya m'thumba la jekete ayi.

Ndikunenetsa za chilolezo chifukwa cha wheat blast. Nthendayi inayamba ku Paraná, ku Brazil, mu 1985, inafika ku Bangladesh mu 2016, ndipo m'nyengo ya 2017/18 inapezeka ku Mpika, ku Zambia, pa tirigu wa dzinja. Pafupi pomwepa. Imayenda ndi mbewu, imakonda kutentha ndi chinyezi pa nthawi yotulutsa ngala, imagwira msana wa ngala, kumtunda konse n'kuyera mbuu popanda njere. Chishango chachikulu chomwe chilipo ndi chidutswa cha 2NS chochokera ku udzu wa Aegilops ventricosa, chomwe chinalowa kudzera mu mzere wa ku France wa VPM1, ndipo chimanyamulanso Yr17, Lr37 ndi Sr38. BARI Gom 33 wa ku Bangladesh, wotulutsidwa mu 2017, ali nacho. Poitanitsa mizere funsani ngati ili ndi 2NS, kapena yezani ndi chizindikiro cha VENTRIUP-LN2. Koma mukumbukire zomwe anena a Wa_Chigayo, dziko lonse latsamira pa chidutswa chimodzi, ndipo ku South America mitundu ina ya nthendayi yayamba kale kuchiboola.

Poyesa, malo akhale osachepera atatu osiyana: kumtunda kozizira ngati Tsangano kapena Bembeke, pakatikati ngati Bvumbwe, ndi kotentha kothirira ngati Kasinthula ku Chikwawa. Kapuloti ka mizere 6 yotalika mamita 3, yotalikirana masentimita 20, kubwereza kawiri kapena katatu. Kuzungulira mudzale mtundu wosalimba ku dzimbiri, monga tirigu wotchedwa Morocco, kuti nthenda ifale mofanana, apo ayi mzere womwe wangozemba mudzauyesa wolimba. Wothirira afesedwe kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, kuti njere zikhwime kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala kusanafike. Kukapitirira madigiri 30 pa nthawi yodzaza njere, zimafwaphira. Mbalame nazo zimakonda ngala zopanda ndevu ndi mizere yocha msanga, zikhoza kukunamizani pa sikelo ngati palibe wolondera.

Wa_Chigayo_Limbe

Che Mlangizi, muwonjezerepo kuyeza ufa msanga, osadikira chaka chomaliza. Magalamu ochepa akukwana kuyeza puloteni ndi SDS sedimentation, njira yoonera kulimba kwa gluten. Wa buledi amafuna puloteni ya 11% kupita m'mwamba ndi gluten wolimba. Pa Glu-D1, malo a ma gene a gluten pa chromosome 1D, gulu la mapuloteni la 5+10 limapereka mtanda wolimba kuposa 2+12, ndipo ma synthetic amabwera ndi magulu ena achilendo, ena abwino, ena ofooka. Mzere wobereka kwambiri womwe chigayo chikuukana umathera pa mtengo wa chakudya cha nkhuku.

NaPhiri_wa_ku_Labu

Za kuyamba ndi mizere yopangidwa kale ndikuvomereza, bambo, koma tisalekere pa kulandira ndi kuyesa kokha. Mizere imeneyo inasankhidwa ku Obregón ndi ku Toluca ku Mexico, ndipo dzimbiri lake amayezera ku Njoro ku Kenya. Dothi la asidi la m'mapiri athu ndi mvula ya chiperoni palibe adzatisankhire. Kukwatitsa mzere wa magazi a synthetic ndi mtundu womwe wazolowera kuno n'kotheka ndi sizasi, kopanira ndi timatumba basi.

Achimwene, mukadzayesa zimenezi chenjerani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ana a F1 akhoza kumera bwino, kenako masamba n'kuyamba kuuma kuchokera kunsonga, akale poyamba, mpaka chomera kufa chisanabereke. Si nthenda, si feteleza, musapopere kanthu. Ndi ma gene awiri, Ne1 ya pa 5B yomwe durum wambiri ali nayo n'kuipatsira synthetic, ndi Ne2 ya pa 2B yomwe ili mu tirigu wambiri wa CIMMYT chifukwa ndi yomweyo Lr13 yoteteza ku dzimbiri la masamba. Payokhapayokha sizivuta, zikakumana zimapha. Mankhwala ake ndi kusintha kholo, ndiye synthetic mmodzi mumukwatitse ndi mitundu itatu kapena inayi, osati umodzi. Chachiwiri, udzu kapena durum akhoza kukhala wolimba ku dzimbiri koma mwana wake wa 42 n'kudwala, chifukwa m'magulu ena a tirigu muli ma gene otsekereza chitetezocho, monga ya pa 7D yotsekereza chitetezo cha dzimbiri la phesi. Choncho yezani mwanayo, osadalira mbiri ya kholo.

Ngati labu ilipo ndipo mukufuna kufupikitsa zaka, thirani mungu wa chimanga pa ngala yothena ya F1, pakapita maola 24 mudonthezere mankhwala othandiza njere kukula, 2,4-D wa mamiligalamu pafupifupi 100 pa lita. Ma chromosome a chimanga amatayika okha m'masiku oyamba, kamluza kamatsala ndi 21 a tirigu. Kapulumutseni m'botolo pa masiku 14 mpaka 18 monga kale, colchicine, ndipo mwapeza mzere wokhazikika m'badwo umodzi m'malo mwa isanu ndi umodzi. Chimangacho mufese masabata angapo tirigu asanafesedwe, mobwerezabwereza, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chikhale mu greenhouse, chifukwa panja chisanu chimachichedwetsa kumasula ngayaye, ngala za tirigu n'kukalamba zikudikira.